Kapuku, Mbewa Yotsata Khasu



Atandiuza kuti ndidzayankhule za nyama imodzi yakutchire ya m'dziko mwathu muno, ndikhulupirira ena amaganiza kuti nditchula njovu za ku Liwonde kapena mikango ya ku Majete. Ine ndabwera ndi kanyama kokwana m'chikhatho cha mwana, kamene ena a inu mwadyera nsima mwezi uno, pamene ena simufuna n'komwe kukaona m'mbale. Ndabwera ndi kapuku. Njovu ambiri a ife timaiona kamodzi kapena kawiri moyo wonse. Kapuku ndiye timagawana naye chimanga chaka ndi chaka, kuyambira tsiku lobzala mpaka m'nkhokwe. Wodya naye mbale imodzi uyenera kumudziwa dzina, maonekedwe ndi kwawo.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo mphunzitsi wanga woyamba wa nkhaniyi anali malume anga. Tikatha kukolola, mwezi wa June kapena July, ankatitenga anyamata atatu kapena anayi, makasu paphewa, kulowera kumunda. Akafika pa una ankagwada, n'kuyang'anitsitsa dothi lofukulidwa, kukula kwa khomo lake ndi timapazi ta pafumbi. Asanaponye khasu ankati, "Muno muli phanya, wina akaime pa mbuli apo," kapena, "Uyu ndi kapeta, lero tituluka thukuta." Kawirikawiri zinkakhaladi momwemo. Dzuwa likapendeka tinkakhuthula thumba pansi pa mtengo, iwo n'kuyamba kusankha: akapuku mulu wawo, aphanya mulu wawo, kapeta pambali poti ameneyo anali wa agogo, ndipo swiswiri akalowerera m'gulumo ankamuponya kutali. Patapita zaka, ndili kusukulu yaukachenjede, ndinamva mawu akuti taxonomy, luso loika zamoyo m'magulu ndi kuzitcha mayina. Ndinazindikira kuti lusoli ndinali nditaliona kale pansi pa mtengo uja.

Choncho tiyambire pa mayina akwathu. Mawu akuti mbewa si dzina la kanyama kamodzi. Ndi dzina la gulu, monga mawu akuti nsomba ali ndi chambo, usipa, utaka ndi kampango m'kati mwake. M'gulu la mbewa muli kapuku, amene amadzaza mpani chifukwa ndiye wochuluka kuposa onse. Muli phanya wa mimba yoyera mbee ndi miyendo yakumbuyo italiitali, wodumpha ngati wathiridwa moto. Muli kapeta wamchira waufupi, amene amasunga mafuta m'thupi n'kugona m'una mwake nyengo yachilimwe, n'chifukwa chake amanona chotero. Muli jugu, ena amati chitute, wotuta mbewu m'matumba a m'masaya mwake. Muli pinji wochepetsetsa, mphera wa mzere pamsana, mende wa kudambo. Mayinawa amasintha mukachoka ku Dedza kupita ku Mulanje kapena kuwoloka kupita ku Chipata ndi ku Katete, koma nzeru yosiyanitsira ndi imodzi. Katswiri wa ku Britain, Brian Morris, amene anayamba wagwirapo ntchito m'minda ya tiyi kuno asanakhale mphunzitsi wa pa yunivesite ku London, anakhala pansi ndi anthu a m'midzi n'kulemba ambiri mwa mayinawa, ndipo anapeza kuti ochuluka amagwirizana bwino ndi mitundu imene asayansi amaizindikira.

Pali malo awiri pamene mudzi ndi sayansi zimasiyana, ndipo pamenepo m'pokoma kuimapo. Kwa ife khoswe si mbewa. Khoswe ndi wa padenga ndi kuchimbudzi, sadyedwa. Koma kwa asayansi khoswe ndi kapuku ndi apachibale, a banja limodzi. Pamene sakhwi, wa mphuno yaitali uja, anyamata amamuponya m'thumba limodzi ndi mbewa, asayansi amamutulutsamo. Atayeza DNA yake m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti sakhwi ali pachibale chapafupi ndi njovu ndi mbira za m'mapiri kusiyana ndi kapuku. Ndani walakwa? Palibe. Mafunso ndi amene ali osiyana. Mudzi umafunsa kuti: kodi kanyamaka kamakhala kuti, ndipo n'ndiwo kapena ayi? Sayansi imafunsa kuti: kanabadwa kwa yani, makolo ake ndani? Munthu wophunzira bwino ayenera kutha kuyankha mafunso onse awiri, osachita manyazi ndi limodzi mwa iwo.

Nanga asayansi amaona chiyani kuti anene kuti ichi ndi cha gulu la mbewa? Amatsegula kukamwa. Gulu lalikulu limene amalitcha Rodentia, ndiye kuti nyama zokukuta, chizindikiro chake ndi mano anayi akutsogolo, awiri m'mwamba, awiri m'munsi, amene saleka kukula mpaka nyamayo itafa. Mbali yakutsogolo ya dzinolo ndi yolimba kwambiri, yofiirira, pamene yakumbuyo ndi yofewerapo. Ndiye pamene kanyamaka kakukukuta, mbali yofewa imaperepeseka msanga, yolimba n'kutsala, dzino n'kumakhala lakuthwa ngati tchizulo cha mmisiri wa matabwa, lodzinola lokha. Kapuku ali ndi mano 16 okha: anayi akutsogolo aja ndi 12 otafunira. Alibe mano osongoka ngati a galu, ndipo pamene pakanakhala manowo pali mpata wopanda kanthu. Tsegulani kukamwa kwa swiswiri muone: timano tambirimbiri tosongoka, todyera tizilombo. N'chifukwa chake swiswiri si wa gululi, ndipo apa malume anga ndi asayansi anagwirizana. Koma gologolo, nungu, ntchenzi, fuko ndi bwampini onse ndi okukuta. Mwa mitundu yonse ya nyama zoyamwitsa padziko lapansi, pafupifupi 40 pa 100 iliyonse ndi ya gulu limeneli, mitundu yoposa 2,000.

M'kati mwa gululo muli mabanja. Kapuku ali m'banja lotchedwa Muridae, limodzi ndi khoswe, mphera, mende ndi phanya. Kapeta, jugu ndi bwampini ali m'banja lina, Nesomyidae, limene limapezeka mu Africa ndi pachilumba cha Madagascar basi. Mpani umodzi wa pamsewu wa M1 ungakhale ndi mabanja awiri a nyama, wogula osadziwa.

Dzina la kapuku m'mabuku a sayansi ndi Mastomys natalensis. Anayamba kumulemba ndi Andrew Smith, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland amene anayambitsanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zachilengedwe ku Cape Town. M'chaka cha 1834 anafotokoza kanyama kochokera kufupi ndi Port Natal, kumene lero ndi Durban, nakatcha Mus natalensis, kutanthauza mbewa ya ku Natal. M'chaka cha 1915 Oldfield Thomas wa ku London anabweretsa dzina lakuti Mastomys, lochokera ku mawu awiri a Chigiriki: mastos, bere, ndi mys, mbewa. Pakati apa akatswiri anamusamutsasamutsa. Mabuku ena akale mudzapeza atamuika pansi pa Rattus, dzina la makoswe, ena pansi pa Praomys. Wophunzira asasokonezeke akaona mayina atatu: kanyamaka ndi kamodzi. Ndipo mawu akuti natalensis asakupusitseni kuti kapuku ndi mlendo wochokera ku Joni. Amangonena kumene mzungu anayamba kumugwira. Kapuku ndi mwini dziko kuno. Mlendo ndi khoswe wa padenga, amene makolo ake anachokera ku Asia pa zombo zamalonda.

Tsopano timuike kapuku patebulo timuone bwino. Thupi lake, kuyambira kumphuno mpaka pamene mchira wayambira, nthawi zambiri limakhala pakati pa masentimita 10 ndi 15, ndipo mchira umatalika pafupifupi chimodzimodzi kapena kucheperako pang'ono. Wamkulu amalemera magalamu 40 mpaka 70, ngati dzira la nkhuku. Ubweya wake ndi wofewa, wotuwa mofiirira pamsana, wowalirapo m'mbali, ndipo kumimba ndi wotuwa moyererapo. Mukaupemerera ubweya wa kumimbawo mudzaona kuti m'munsi mwake ndi wotuwa ngati phulusa, nsonga zokha ndizo zoyera. Apa m'pamene amasiyana ndi phanya, amene ubweya wake wa kumimba ndi woyera mpaka pakhungu. Ana a kapuku amakhala oderapo kuposa makolo awo, ndiye wosadziwa amayesa mtundu wina. Mchira uli ndi timamba ting'onoting'ono ndi ubweya wapatalipatali, wodera pamwamba, woyererapo kunsi. Kumapazi akutsogolo ali ndi zala zinayi ndi kachitsa ka chala chachisanu, kumbuyo zisanu zokwanira. Maso ndi aakulu pang'ono, makutu obulungira, ndevu zazitali zofufuzira njira mumdima, chifukwa iye ndi woyenda usiku.

Zonsezi sizimusiyanitsa kwenikweni ndi mbewa zina. Alibe mafuta a kapeta, alibe liwiro la phanya, alibe matumba a jugu. Sakumba mwaluso ngati fuko; nthawi zambiri amalowa m'ming'alu ya dothi, m'chulu, pansi pa milu ya mapesi, kapena m'una umene anakumba wina. Ndi kanyama wamba m'zonse, kupatula chinthu chimodzi. Mutembenuzeni chagada kapuku wamkazi. Mudzaona mizere iwiri ya mawere, yoyambira kukhwapa mpaka kumphechepeche popanda kudukiza, mzere uliwonse mawere 8 mpaka 12. Ndiye kuti mayi mmodzi angakhale ndi mawere 24. Khoswe wa padenga kawirikawiri ali ndi 10. Mbuzi ili ndi awiri, ng'ombe anayi. Mbiri yonse ya kapuku yagona pa mizere iwiri imeneyi.

Bere la kapuku limatha masiku 23 kapena kucheperako pang'ono. Amaswa ana 10 mpaka 12 nthawi imodzi, ndipo zalembedwapo kuti ena anapezeka ndi ana oposa 20 m'mimba. Anawo amabadwa osaona, olemera ngati magalamu 2, ndipo pakatha masabata atatu aleka kuyamwa. Chodabwitsa n'chakuti mayiyo angathe kutenga bere lina atangoswa kumene, kotero amayamwitsa ana awa kwinaku ena akukula m'mimba. Mwezi ndi mwezi funkha ladzaza. Ana aakazi akakwana miyezi itatu, nthawi zina asanakwane n'komwe, nawonso akhoza kuyamba. Moyo wa kapuku kutchire ndi waufupi, ambiri safika chaka. Kadzidzi amamudya, mphamba amamudya, njoka, vumbwe ndi likongwe amamudya, ifenso timamudya. Iye sadziteteza ndi nyanga kapena ululu. Amadziteteza ndi kubala.

Koma sabala chaka chonse. Amadikira mvula. Udzu ukaphuka, mbewu zikayamba kukhwima, tizilombo tikachuluka, m'pamene akazi amatenga mabere, ndipo chiwerengero chimakwera mpaka kufika pachimake pamene dzinja latha, nthawi yokolola. N'chifukwa chake mipani imadzaza m'misewu ya ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Salima m'miyezi yozizira, osati mu January. Chilimwe chikakula chakudya chimachepa, ambiri amafa, otsalawo ndi amene amadzafukula chimanga chimene mwangobzala, kutsata phando ndi phando mumzere ngati anaona pamene munaponya. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, akatswiri a pa Sokoine University of Agriculture pamodzi ndi anzawo a ku Antwerp ku Belgium, mmodzi mwa iwo Herwig Leirs, akhala akugwira akapuku, kuwaika chizindikiro ndi kuwamasula mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Anapeza kuti chaka chimene mvula yoyamba yagwa yambiri, kubala kumayamba msanga, ana obadwa koyambirira amabalanso m'nyengo yomweyo, ndipo pamenepo m'pamene pamabuka mliri wa mbewa, mpaka kuposa 1,000 pa hekitala imodzi. Phindu la kafukufukuyu ndi lakuti mliri wa mbewa sugwa ngati mphezi. Umapereka chizindikiro miyezi ingapo usanafike, ndipo mlangizi wodziwa kuwerenga mvula angachenjeze alimi nthawi ikadalipo.

Ndibwerere ku mayina, chifukwa pali chinthu chimene diso la malume anga silikanatha kuona, ngakhalenso diso la Andrew Smith. Kwa zaka zambiri asayansi ankakhulupirira kuti mbewa zonse za mawere ambiri kummwera kwa Africa ndi mtundu umodzi. Koma m'zaka za m'ma 1970 ofufuza a ku Zimbabwe, panthawiyo Rhodesia, ndi a ku South Africa anayamba kuwerenga makromozomu, timitolo ta m'kati mwa selo timene timasunga malangizo a chibadwa. Munthu ali nato 46. Anapeza kuti mbewa zina zili nato 32, zina 36, ngakhale kunja zikufanana ngati mapasa. Magazi akenso atawayeza anaonetsa kusiyana. Inali mitundu iwiri yovala malaya amodzi. Ya 32 inatsala ndi dzina lakuti natalensis, ndiye kapuku wathu. Ya 36 ndi Mastomys coucha, imene imakonda madera ouma a South Africa, Namibia, Botswana ndi mbali ina ya Zimbabwe. Kumadzulo kwa Africa kulinso ina ya 38, Mastomys erythroleucus. Lero mitundu ya Mastomys yodziwika ilipo ngati 8.

Wina anganene kuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji? M'poto zonse zimakoma chimodzimodzi." Zikutikhudza. Atayesa mitundu iwiriyi ndi kachilombo koyambitsa plague, nthenda ija ena amati mliri wa makoswe, anapeza kuti coucha amafa nayo msanga pamene natalensis amapirira kwambiri. Kwa wa zaumoyo amene akufuna kudziwa mmene nthendayi imayendera kuchoka kutchire kufika m'mudzi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Palinso china. Kuyambira cha m'ma 1940 mbewa zimenezi zakhala zikuwetedwa m'nyumba zofufuzira matenda, ndipo zinatumizidwa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia zitalembedwa kuti natalensis. Patapita zaka zambiri zinadziwika kuti zambiri mwa izo zinali coucha. Taganizani zolemba zonse za akatswiri zimene zinatuluka ndi dzina lolakwika pamwamba. Dzina si chokongoletsera. Ukalakwitsa dzina, zonse zimene wamanga pamwamba pake zimapendekeka.

Tsopano za kwawo kwa kapuku. Mukatenga mapu a Africa n'kupaka utoto paliponse pamene amapezeka, mudzapaka kuyambira ku Senegal kumadzulo, kudutsa Mali, Nigeria, Chad ndi Sudan mpaka ku Ethiopia, kenaka kutsika ndi Kenya, Tanzania, Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe mpaka kummawa kwa South Africa. Mwa mbewa zonse za mu Africa ndi zochepa kwambiri zimene zafalikira chotere. Bungwe la IUCN, limene limalemba za zamoyo zimene zili pangozi yakutha, linamuika m'gulu la zosadetsa nkhawa.

Koma chophunzitsa kwambiri ndi malo amene mudzasiye osapaka. Kuchipululu cha Sahara kulibe, ku Namib kulibe, kumadera ouma a kumadzulo kwa South Africa kulibe. M'katikati mwa nkhalango yowirira ya ku Congo simumupeza, pokhapokha pamene anthu agwetsa mitengo, kumanga mudzi ndi kulima munda. Kuno kwathu nkhani ndi yomweyo. Ku Chigwa cha Shire, m'mbali mwa nyanja, m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu, m'madimba ndi m'minda ya mpunga, kapuku ndi mfumu. Kwerani ku Nyika, pamwamba pa phiri la Zomba kapena la Mulanje, m'udzu wa kozizira ndi m'nkhalango zosakhudzidwa, mupeza mbewa za mitundu ina, kapuku n'kumaoneka kufupi ndi nyumba ndi minda. Izi tikuzidziwa chifukwa cha anthu amene anatchera misampha n'kulemba: Peter Hanney amene anafalitsa kafukufuku wa mbewa za dziko lino mu 1965, David ndi Meredith Happold amene anagwira ntchito ku Zomba, Liwonde ndi Lengwe m'zaka za m'ma 1980, komanso Ansell ndi Dowsett amene mu 1988 anatulutsa buku la nyama zoyamwitsa za m'Malawi.

Ndiye mukaona bwino, mapu a kapuku ndi mapu a khasu ndi moto. Iye ndi kanyama ka malo osokonezedwa. Tchire likapsa, ndiye woyamba kubwerera palupsa. Mphanje ikathyoledwa, ndiye woyamba kulowa. Amadya chilichonse: njere za udzu, chimanga, mpunga, mtedza, mapira, masamba, ziwala, chiswe. Sachita nkhanza kwambiri ndi anzake, kotero amatha kukhala ambiri pamalo ochepa. Malo akasiyidwa zaka zingapo, udzu ndi mitengo n'kubwerera, mbewa za mitundu ina zimabweranso ndipo iye amachepa. Ife tikamadula nkhalango ndi kutentha tchire chaka ndi chaka timakhala tikumuyalira mphasa. Ichi ndicho chimandiwawa ndikaona phiri lonse likuyaka mu August chifukwa anyamata akufuna kuona mauna. Motowo umapha timitengo tophuka kumene, umathamangitsa njoka ndi likongwe, umasiya dothi lamaliseche kuti mvula yoyamba ilikokolole, ndipo kanyama kamene kamapindula koposa ndi kapuku yemweyo. Malume anga sankayatsa. Ankati wodziwa una safuna moto.

Kufalikira kotereku kuli ndi chinsinsi china. Ofufuza atayerekeza DNA ya akapuku ochokera m'maiko ambiri, anapeza kuti mtundu umodziwu uli ndi mafuko 6, lililonse ndi dera lake. Mafukowa ndi amene amatithandiza kuyankha funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri, la nthenda ya Lassa. Nthendayi inadziwika mu 1969 m'tauni ya Lassa ku Nigeria, ndipo mu 1972, pa mliri wa ku Sierra Leone, kachilombo kake kanapezeka mwa Mastomys natalensis. Mbewayo siidwala, koma imataya kachilomboko m'mkodzo ndi m'zitosi, n'kuipitsa chakudya ndi ziwiya. Mpaka lero Lassa imavutitsa ku Nigeria, Sierra Leone, Liberia ndi Guinea. Nanga poti kapuku ali ponseponse, bwanji nthendayi ili kumadzulo kokha? Mbali ina ya yankho ndi yakuti kachilombo ka Lassa kamayenda ndi mafuko a kumadzuloko. Mafuko a kuno ali ndi tizilombo tawo tapachibale ndi ka Lassa: ka Mopeia, kotchedwa dzina la boma la Mopeia m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ka Morogoro ku Tanzania, ndi ka Luna kamene kanapezeka ku Lusaka ndi ku Namwala m'dziko la Zambia. Timeneti sitinapezekepo tikudwalitsa anthu monga Lassa. Choncho musachoke pano n'kukalengeza kuti mbewa za pa Lizulu zili ndi Lassa. Si zoona.

Komabe kusamala kulipo, ndipo ndikunena izi ngati munthu wodya mbewa. Kapuku amayenda pakati pa tchire ndi nyumba, ndipo amanyamula nthata. Nthata ndizo zimafalitsa plague. Nthendayi si ya m'mabuku a mbiri yakale okha: inabuka ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002, ndiponso ku Nyimba m'chigawo cha kummawa kwa Zambia mu 2015. Mukaona mbewa kapena makoswe akufa okha ambiri popanda wowapha, musatole, ndipo ana asaseweretse. Kauzeni a zaumoyo. Mbewa yopezeka itafa si ndiwo. Njira yakwathu yokonzera, yochotsa matumbo, kuwiritsa bwino ndi mchere, kenaka kuyanika pamoto kapena padzuwa, ndi yanzeru, ndipo ngozi yaikulu imakhala pa wogwira ndi wotumbula, makamaka ngati ali ndi bala m'manja. Kusamba m'manja ndi sopo mukatha si chizungu ayi.

Choopsa china tachibweretsa tokha, ndicho mankhwala. Nyama zokukuta sizitha kusanza, n'chifukwa chake poizoni amazigwira msanga. Koma tameki ndi anzake amene amagulitsidwa m'timapepala pamsika sasankha. Amapha kapuku, amapha kadzidzi amene wadya kapukuyo, amapha mphaka, galu ndi nkhuku, ndipo angaphe mwana amene watola mbewa kumunda kwa mnansi osadziwa kuti kunathiridwa. M'dziko limene mbewa ndi ndiwo, kumwaza poizoni m'munda n'kutchera msampha anthu. Ndipo kumbukirani mawere aja. Mukapha theka la akapuku m'munda mwanu nokha, otsalawo ndi ochokera m'minda yoyandikana adzadzaza malowo mwezi usanathe. Chimene chimathandiza ndi kuchitira pamodzi mudzi wonse, nthawi yoyenera, ndiye kuti mvula isanagwe pamene ali ochepa ndi anjala: kutchera misampha ndi maliwa, kulambula m'malire mwa minda, kusasiya milu ya mapesi pafupi ndi nyumba, kubzala nthawi imodzi, kukweza nkhokwe ndi kuika malata oterera pa miyendo yake, kusunga chimanga m'migolo yotsekeka. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Pano ndiyenera kunenapo za kadzidzi, ngakhale ndikudziwa kuti ena muyamba kusuntha pamipando. Kadzidzi woyera nkhope uja, amene amagona m'madenga a matchalitchi ndi a sukulu, amadya mbewa usiku uliwonse, ndipo akakhala ndi anapiye amatuta zambiri. Amameza mbewa yathunthu, kenaka amalavula kampira ka ubweya ndi mafupa. Akatswiri amatola timipirato, n'kuwerenga tizigaza, ndipo m'madera olimidwa a mu Africa muno amapezamo kapuku wambiri. Mbalame imene timaigenda poiyesa ya mfiti ndi mlonda wa nkhokwe zathu wosafuna malipiro. Sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu, koma ndikupempha kuti tisanagende tikatole kampira kamodzi pansi pa chisa chake, tikaphwanye, tione zimene zili m'katimo.

Sindikuiwala kuti si tonse timadya mbewa. Abale athu achisilamu sadya, ndipo mipingo ina imaletsa potsata malamulo a zakudya a m'buku la Levitiko. Zimenezo n'zolemekezeka. Koma wodya ndi wosadya onse amabzala chimanga, ndipo kapuku safunsa mpingo.

Ndili ndi pempho kwa inu ana asukulu ndi aphunzitsi anu. Amene amadziwa kusiyanitsa mbewa ndi mayina ake akukalamba, ndipo mwana wokulira ku Area 25 kapena ku Ndirande mbewa zonse amangoti mbewa. Mukapita kumudzi patchuthi, tengani kope ndi rula. Khalani pansi ndi agogo, amalume kapena anyamata okumba, thumba likakhuthulidwa. Pa mbewa iliyonse lembani dzina limene akutchula, monga mmene akulitchulira, ndi dzina lina ngati lilipo. Lembani mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi tsiku. Lembani kumene yagwidwa: kumunda, kudimba, kudambo, kuphiri kapena m'nyumba. Yezani thupi, yezani mchira padera. Pemererani ubweya wa kumimba muone ngati uli woyera mpaka pakhungu kapena wotuwa m'munsi. Ikakhala yaikazi, itembenuzeni chagada ndi kamtengo, muwerenge mawere a mzere umodzi kuyambira kukhwapa. Akafika 8 kapena kuposa, mchira n'kukhala wotalika ngati thupi, ameneyo ndi kapuku. Mukatha sambani m'manja, ndipo sukulu ikatsegulidwa kopelo mukapereke kwa aphunzitsi a sayansi kuti aliphatikize ndi a anzanu ochokera m'maboma ena.